Oyilo wa Haldex pa Tiguan, ndisinthe ndekha?

Mphwake wa ku Mufakose:
Akuluakulu ndithandizeni. VW Tiguan yanga ya 4Motion (yokoka ndi matayala onse anayi) ikalowa mmatope matayala akutsogolo okha ndi amene akupota, akumbuyo ali phee. Ena akuti ndi oyilo wa Haldex, chipangizo chimene chimatumiza mphamvu ku matayala akumbuyo. Ndingasinthe ndekha pakhomo? Mvula yayamba ndipo njira yakwathu yaipa kwabasi.

Malume a ku Mbare:
Zotheka mphwanga, koma choyamba dziwa ngati Haldex yako ili Gen 4 kapena Gen 5 (mtundu wachinayi kapena wachisanu). Gen 4 ili ndi fyuluta, Gen 5 ilibe, ili ndi kasefa chabe kumutu kwa pampu ndiye anthu amangosintha oyilo osachotsa pampuyo, chonsecho kasefako katsekeka ndi phala lakuda lonanda, pampu nkumakoka movutika mpaka kupsa. Chotsa pampu, tsuka kasefa, ika ma O-ring (timphira toletsa oyilo kudontha) atsopano. Oyilo wake ndi G 060 175 A2, usathiremo oyilo wa giyabokosi chonde.

Achimwene a Golf R:
Samalani ndi mapulagi achimwene! Haldex ndi difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala awiri akumbuyo) zili pamodzi, ambiri amakhetsa wa difu nkudzazanso ku Haldex, difu nkuyenda youma. Ndipo muyambe kumasula pulagi yothirira musanakhetse, ikakana muli ndi pothawira.

Mayi a ku Highfield:
Galimoto ikhale yowongoka bwinobwino pa ma stand, osati pa jeke yokha. Mukathira yendetsani pampu ndi VCDS (pulogalamu ya pakompyuta yoyezera magalimoto a VW) kenako muonjezere oyilo chifukwa amatsika. Pogula oyiloyo ku Kaguvi, msewu wa ma sipeya ku Harare, onetsetsani kuti botolo silinatsegulidwepo.