Zilonda m'matumbo koma m'mimba simupweteka: kodi ndi celiac?

NaPhiri_Leeds:
Abale, ndithandizeni nzeru. Chaka chatha anandipeza ndi celiac, matenda aja oti thupi limadana ndi gluten wa mu tirigu. Buledi, mandasi, masikono, zonse ndinasiya, ndinatsala ndi nsima, mpunga ndi kondowole. Koma magazi akungochepabe, ndikakwera masitepe ndimapuma wefuwefu. Adokotala anandimezetsa kakamera kooneka ngati kapisozi, ndiye kaonetsa tizilonda m'matumbo aang'ono. Chikundizunguza mutu n'choti m'mimba simunandipwetekepo. Zilonda zimakhala phee chonchi? Kapena matenda afika poipa? Tulo sindikupeza.

Namwino_wa_usiku:
Pepani achemwali. Inde, zimachitika. Zilonda za m'matumbo aang'ono zimatha kumangodontha magazi pang'onopang'ono, osaoneka n'komwe kuchimbudzi, munthu n'kungozindikira ayironi atatsika.

Zilipo zilonda zobwera ndi celiac, amazitcha ulcerative jejunitis. Sizichitikachitika. Zimakonda kupezeka mwa anthu amene matumbo awo sakuchira ngakhale atha miyezi 12 osalawa gluten. Madokotala sazitenga mopepuka chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi ndi khansa ya lymphoma, n'chifukwa chake amadula kanyama kuti akapime. Koma musathamangire kumeneko. Nthenda yotupitsa matumbo yotchedwa Crohn's imabweretsanso zilonda zotere, TB ya m'matumbo chimodzimodzi, choncho muwauze kuti munakulira ku Malawi. Funso langa lalikulu ndi ili: mumamwa brufen, diclofenac kapena aspirin?

Bambo_a_Chiku:
Mayi a kunyumba kwathu ali ndi celiac yomweyi. Ife chinatipusitsa ndi balere wa mu chimera chogula, masoseji, ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Ngakhale mpeni wodulira buledi wa ana, tinyenyeswa take n'tokwanira kuvulaza. Apempheni adokotala akuyezeninso magazi a tTG, amathandiza kuona ngati gluten akulowabe mobisa. Ufanso muziwerenga paketi, wina amagayira pamodzi ndi tirigu.

NaPhiri_Leeds:
Anamwino, brufen ndiye ndimamwa pafupifupi tsiku lililonse. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, msana umachita kuwotcha ndikaweruka. Poti ndimangogula m'shopu, sindinawauze adokotala.

Namwino_wa_usiku:
Muwauze mawa lomwe, mankhwala amenewo amadya matumbo mwakachetechete. Brufenyo muyambe mwamuleka, za msanazo akupezerani china. Kupima kanyamako musakane ayi. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena chizungulire chikakula, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo.