Kodi chipani chingatsitse misonkho n'kukwezanso penshoni nthawi imodzi?

Wotsala_Pang'ono

Abale ndithandizeni nzeru, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Ndatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume pantchito nde masiku ano bajeti ikamawerengedwa ndimatchera khutu, osati ngati kale pomwe ndinkangoti zandale izo n'kuthimitsa wailesi. Chimene chikundidabwitsa n'choti nduna ya zachuma ikangomaliza kuwerenga, a chipani cholamula amati iyi ndiye bajeti yokomera osauka, otsutsa amati ayi iyi ndi yofinya anthu, kenako zisankho zikadutsa n'kusinthana mipando, omwe aja ankalira kuti misonkho yachuluka ndi amene amabweretsa msonkho watsopano, ndipo omwe ankaikira kumbuyo misonkho ndi amene ayamba kulira.

Funso langa ndi ili. Pa kampeni aliyense amalonjeza kuti atsitsa msonkho wa pamalipiro, achotsa VAT pa katundu wina, akweza penshoni, alembanso aphunzitsi ndi manesi ambiri. Zimenezi zimatheka nthawi imodzi? Ndalama zake zichokera kuti? Komanso chondiopsa kwambiri, ndamva kuti ndalama za penshoni zomwe amatidula mwezi ndi mwezi zija, makampani osunga aja amabwereketsa boma lomwelo. Ngati ndi zoona, boma likadzalephera kubweza ine ndidzagwira mtengo wanji? Amene mukuzitsata ndimasulireni, koma chonde tisayambe kutukwanirana zipani, ine ndikungofuna kumvetsa basi.

Kalaliki77

Akulu, zomwe mwamvazo ndi zoona, mbali ina ya ndalama za penshoni m'maiko ambiri imagulidwa mapepala a ngongole za boma, ma bondi ndi ma treasury bill, chifukwa amati boma ndi wobwereka amene sathawa. Nde inuyo muli mbali ziwiri nthawi imodzi, ndinu wokhoma msonkho komanso ndinu wokongoza boma osadziwa.

Zoti kutsitsa misonkho n'kukweza penshoni limodzi, zimatheka ndithu koma kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, pa ngongole. Boma lilibe munda wa ndalama, likapanda kutolera msonkho limakongola, likalephera kukongola limauza banki yaikulu kuti isindikize ndalama, ndipo apa mpomwe mitengo imakwera inu n'kulipirabe, kungoti pa peyisilipi sizioneka.

Taonani zomwe zinachitika ku Britain, dziko lolemera lija. Pa 23 Seputembala 2022 nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng, nduna yaikulu ali Liz Truss, analengeza kudula misonkho ya pafupifupi mapaundi 45 biliyoni osanena kuti dzenjelo alikwirira ndi chani. Okongoza boma anachita mantha, paundi inagwa, chiwongola dzanja pa ngongole za boma chinathamanga, ndipo oyamba kugwedezeka anali ma fandi a penshoni chifukwa ndi amene anagwirira mapepala amenewo ambiri. Pa 28 Seputembala banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, inachita kulowererapo n'kuyamba kugula mapepalawo kuti ma fandi asagwe, ndipo pa 20 Okutobala mayiwo analengeza kuti akutula pansi udindo. Misonkho yambiri yomwe inadulidwa ija anaibwezeretsa a chipani chawo chomwe.

Ku Ghana ndiye zinafika penipeni pomwe mukuopapo. Mu Disembala 2022 boma linavomera kuti ngongole zalikulira, linauza omwe ali ndi ma bondi kuti asinthe atenge atsopano a chiwongola dzanja chochepa komanso odikira zaka zambiri. Mabungwe a ogwira ntchito anaopseza sitalaka mpaka ma fandi a penshoni anayamba aikidwa pambali, koma okalamba omwe anagula ma bondi paokha ndi ndalama zawo zopumira pantchito anakaima pa ofesi ya unduna wa zachuma ku Accra mu Febuluwale 2023 atanyamula zikwangwani, ndipo pagulupo panali Sophia Akuffo amene anakhalapo mkulu wa majaji onse m'dzikomo. Tangoganizani munthu wa msinkhu umenewo kukaima padzuwa limodzi ndi okalamba anzake.

Koma ine chomwe ndimaopa kwambiri si boma kukana kubweza ayi, zimenezo sizichitika kawirikawiri. Ndimaopa kubwezedwa ndalama yoti yatha mphamvu. Kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe amene anabwera kudzachotsa olo tambala pa akaunti ya penshoni ya munthu, nambala inali yomweyo, koma zomwe nambalayo ingagule zinaphwa.

Mai_aGeni

Pepani bambo Wotsala ndilowerere ngakhale funso lanu silikukhudza ife. Inu bola muli ndi penshoni yoti muziidera nkhawa, ifeyo a geni tilibe olo, koma msonkho tikukhoma tsiku ndi tsiku, ndikagula katundu wooda VAT ilimo, mayunitsi a foni msonkho ulimo, galimoto yonyamula katunduyo mafuta ake ali ndi misonkho nde dalaivala amandikankhira ine, koma bajeti ikamakambidwa mumangomva za malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi penshoni zawo ngati anthu okalamba ndi okhawo amene analembedwapo ntchito. Amayi anga alima moyo wawo wonse pano msana unapindika, penshoni yawo ndine, tsiku lomwe geni yanga idzagwe nawonso agwa. Ku Botswana kuyambira 1996 aliyense wokalamba amalandira kangachepe kuchokera ku boma kaya anagwirapo ntchito kaya ayi, ku Lesotho anayamba 2004 kwa a zaka 70, ndipo Lesotho si dziko lolemera. Nde ine chipani chikamati tikweza penshoni ndimafunsa kuti ya ndani? Chifukwa ngati akweza VAT yomwe ndikhome ine kuti alipire penshoni ya munthu amene anali kale pa salale, chimenecho si chilungamo ndipo voti yanga sadzaiona.

Mnyamata_waLero

A Kalaliki masamu anuwo ndawamva ndipo sindikutsutsa, koma ndikuona kuti masamu omwewo ndi amene andale amatitsekera nawo pakamwa. Akafuna kukweza msonkho amati thumba la boma lauma tonse timange malamba, koma simudzamva kuti magalimoto a nduna achepetsedwa kapena maulendo akunja aimitsidwa kapena ma alawansi a aphungu adulidwa, ndipo pa nkhani ya ma alawansi awo ndi pokhapo pomwe olamula ndi otsutsa amagwirizana popanda phokoso. Lipoti la wofufuza mabuku a boma limatuluka chaka ndi chaka likuonetsa ndalama zosowa, makontilakiti olipiridwa ntchito isanagwiridwe, koma amangolikambirana mu komiti basi latha. Nde musanandiuze kuti penshoni ya agogo singakwere chifukwa ndalama kulibe, yambani mwatseka kaye mabowo a chidebe.

Ku Kenya achinyamata anakana. Finance Bill ya 2024, bilu yokweza misonkho, aphungu anaivomereza, koma pa 25 Juni anthu analowa m'nyumba ya malamulo ku Nairobi, anthu anafa tsiku limenelo zomwe ndi zomvetsa chisoni kwambiri, ndipo mawa lake pulezidenti William Ruto ananena kuti sasainira biluyo. Chomwe chinandigwira mtima n'choti anawo sanatumidwe ndi chipani chilichonse, anawerenga okha biluyo ndime ndi ndime n'kumamasulirana pa foni m'zilankhulo zawo.

Ku South Africa nako mu Febuluwale 2025 bajeti inalephereka kuwerengedwa pa tsiku lake chifukwa nduna ya zachuma Enoch Godongwana wa chipani cha ANC ankafuna kukweza VAT kuchoka pa 15 kufika 17 peresenti, zipani zomwe zili naye m'boma la mgwirizano zinakana, anayesa kuchepetsa, chimodzi mwa zipanizo, DA, chinapita kukhoti, pomaliza mu Epulo VAT inatsala pa 15 pomwepo. ANC ikanakhala ndi aphungu ochuluka payokha ngati kale bwenzi itadutsa popanda wofunsa.

Komanso bambo Wotsala musangoyang'ana boma lokha. Ine pomwe ndinkagwira poyamba ankandidula ya penshoni mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, pa peyisilipi zikuoneka bwinobwino, nditasiya ntchito n'kupita kukafunsa kwa osunga ndinapeza kuti abwana anapereka miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mpaka lero ndikuyendabe.

MphunzitsiWakale

Mwana wanga Mnyamata, zakubazo wanena zoona ndipo zimandiwawa ngati mmene zikukuwawira iwe. Koma ndikuuze, olo utatseka mabowo onse lero, funso la a Wotsala silichoka. Penshoni ya boma m'maiko ambiri simakhala ndalama yako yomwe anakusungira m'bokosi, ndi msonkho wa amene akugwira ntchito lero womwe ukulipira amene anapuma dzulo. Germany itayambitsa penshoni ya okalamba mu 1889 nthawi ya mtsogoleri wa boma Bismarck, munthu ankayamba kulandira ali ndi zaka 70, ndipo ofika zaka zimenezo anali ochepa nde zinali zotchipa. Lero anthu akukhala zaka 20 kapena kuposa atapuma, zomwe ndi dalitso, koma wina ayenera kulipira. N'chifukwa chake ku France mu 2023 pulezidenti Macron anakweza zaka zopumira kuchoka 62 kufika 64, anthu anadzaza m'misewu miyezi ingapo, ndipo boma linadutsitsa lamulolo pogwiritsa ntchito gawo 49.3 la malamulo awo popanda aphungu kuvotera biluyo chifukwa linkaopa kugonja.

Ndale zimalowa apa chifukwa okalamba amavota mokhulupirika kuposa achinyamata. Ku Britain kuyambira 2011 penshoni ya boma imakwera pafupifupi chaka chilichonse potengera chomwe chakwera kwambiri pakati pa mitengo ya zinthu, malipiro a anthu, kapena 2.5 peresenti, ndipo Conservative ndi Labour onse amaopa kuigwira ngakhale akudziwa kuti ikudya bajeti. Kumene okalamba olandira penshoni ndi ochepa zimatembenuka, andale sawaopa, munthu amapuma pantchito n'kudikira ndalama zake zaka, kuyenda ndi faelo ofesi ndi ofesi. Ine ndinadikira zaka ziwiri ndi miyezi, anzanga awiri omwe tinapuma limodzi anamwalira asanalandire, ana awo ndi amene anatsala akuyendera.

Mai aGeni, mawu anu ndawasunga. Ife a pa salale tikamakamba za penshoni timaiwala kuti ndife kagulu kochepa.

Kwa inu a Wotsala, monga munthu amene ndinadutsamo, pitani kwa osunga penshoni yanu mukapemphe sitetimenti panopa musadikire chaka chomaliza, muone ngati mwezi uliwonse unalowa, mbali yanu ndi ya abwana. Muwafunsenso kuti ndalama zanu anaziika kuti, zingati zili ku ngongole za boma, zingati ku masheya, zingati ku nyumba, ndi ufulu wanu kudziwa. Ndipo chenjerani ndi lonjezo loti titsegula mutengeko penshoni yanu msanga, limakoma pa kampeni chifukwa boma silitulutsa kanthu m'thumba mwake, likukupatsani ndalama zanu zomwe za ukalamba. Ku Zambia mu 2023 analola anthu kutapa 20 peresenti ku NAPSA, bungwe la boma losunga penshoni, ku Chile anatapa katatu nthawi ya Covid ndipo ambiri akaunti zawo zinatsala zopanda kanthu. Sindikuweruza amene anatapa, njala ya lero sidikira, koma amene ali ndi zaka zinayi zokha ngati inu aganize kawiri.

Kalaliki77

Amwene Mnyamata sitikutsutsana kwenikweni. Ine ndingowonjezera kuti mukatenga buku la bajeti musayambire pa magalimoto a nduna, yambirani pa mzere wa chiwongola dzanja cha ngongole, m'maiko ambiri omwe akongola kwambiri mzere umenewo umaposa ndalama za unduna wa zaumoyo wonse, ndipo umenewo ndi malonjezo a makampeni akale omwe tikulipira lero. Magalimotowo adulidwe ndithu, chifukwa munthu sangavomere kumanga lamba akuona womuuzayo akudya, koma paokha sakwirira dzenjelo. Nkhani ya abwana anu aja musaisiye, kadandauleni kwa oyang'anira ma fandi a penshoni, kudula munthu osapereka ndi mlandu.

Wotsala_Pang'ono

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Aphunzitsi, sitetimenti ndinailandira komaliza zaka zitatu zapitazo ndipo sindinaiyang'ane bwino, Lolemba ndipita ndikaitenge ndifananize ndi mapeyisilipi anga, nkhani ya mnyamatayu yandiopsa chifukwa pakati apa kampani yathu inavutikapo ndi malipiro miyezi ingapo. Mai aGeni mwandikumbutsa alongo anga akumudzi omwe nawonso akudalira ine yemweyo, nde penshoni imodziyi idya anthu ambiri. A Kalaliki ndifunseko chimodzi, ndikadzapuma n'kwabwino kutenga gawo lomwe amalola kutenga kamodzi lija lonse ndikamangire nyumba ya lendi, kapena ndisiye zambiri ndizilandira pamwezi? Chifukwa mmene mwafotokozera za kugwa mphamvu kwa ndalama, ya pamweziyo ndikuiopa.