Ndikubwera kumudzi kwa Njema, ndinachoka mu 2010: ndiyambire pati?

Wobisa dzina: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ku UK, ndikubwera mu Januwale kudzaona manda a mayi kwa Njema, kufupi ndi Muloza. Ndidzatsikira pa Chileka. Ndiyende bwanji, ndalama ndichite nazo bwanji, nanga kumudzi ndikafike motani? Ndimafunanso nditakwerako phiri.

Wa ku Limbe: Achimwene, pa Chileka tengani takisi mpaka ku Limbe. Kuchokera apo njira zilipo ziwiri. Ya Midima, yodzera pa Nkando, ndiye yachidule. Ina ija ya ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza ndi yokhotakhota, ikuthandizani pokhapokha ngati mwasowa kuona minda ya tiyi. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndiye lawirirani m'mawa kuti mdima usakupezeni pa Chitakale muli ndi zikwama. Mukabwereka galimoto, dzadzani thanki mu Blantyre momwemo, mafuta amasowa osatsanzika. Ikhalenso yokwera m'munsi, pakuti mukangosiya tala m'dzinja ndi matope okhaokha. Njira zachidule zomwe mukuzikumbukira musazidalire: namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adakokolola milatho, mitsinje ina mpaka idasintha njira. Funsani abale za njira dzulo lake. Chigawo chomaliza ndi cha kabaza wa njinga yamoto, mugwirizane mtengo musanakwere.

Wa pa Luchenza: Ndalama zapepala zomwe munapita nazo zija zinatha ntchito. Inu mukudziwa K500 ngati yaikulu, pano yaikulu ndi K5,000, ndipo ikangosinthidwa yapita. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mitengo ya m'mutu mwanu iwalani. Sinthirani ku banki kapena ku byuro, lisiti musunge. Gulani simu khadi tsiku lomwelo, amalembetsa ndi pasipoti kapena chiphaso cha unzika, kenako mutsegule Airtel Money kapena Mpamba. Kumudzi ma ejenti kawirikawiri amakhala opanda ndalama zokwanira, ndiye tapirani mu tauni.

Mayi wa pa Limbuli: Mwanawe, zamsewuzo n'zazing'ono. Kumanda munthu sangolowa yekha ngati kumunda. Muyambe mwaonana ndi atsibweni anu, iwo ndiwo akadziwitse amfumu, ndipo adzukulu ndi amene akakutsogolereni. Mukalumpha pamenepa mudzapalamula mlandu, ulendo wonse n'kuthera pabwalo. Pofika musabwere chimanjamanja: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, zitenje za azimayi akuluakulu. Mupereke kwa mmodzi wamkulu agawe, osati inu kumasankha nkhope. Ndipo nkhani ya munda wa mayi musaiyambitse tsiku loyamba. Kuno malo amatsata mbumba, alongo anu ndiwo akulimapo, komanso anthu tachuluka, maesiteti mbali iyi, phiri mbali iyo.

Wobisa dzina: Zikomo amayi, ndamva. Nanga za malungo?

Wa zachipatala: Thupi lanu linaiwala malungo, ndipo Januwale ndiye pachimake. Kaonaneni ndi dokotala konko akupatseni mankhwala oteteza, amayambidwa ulendo usanayambe n'kupitirizidwa mutabwerera. Gonani m'neti. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, chipatala cha boma chilipo pa Mulanje, cha Mulanje Mission chiliponso. Mukadwala mutabwerera, muwauze kuti munali ku Malawi.

Wa ku Likhubula: Sapitwa, nsonga yayitali ya phiri la Mulanje, mamita 3,002, m'Januwale ayi. Miyala imaterera, nkhungu imatseka njira masana dzuwa likuswa mtengo kumunsi kuno, ndipo mtsinje womwe mwawoloka m'mawa pobwerera mumaupeza wadzaza. Nthawi yake ndi Meyi mpaka Okutobala. Ulendo uno lembetsani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, mutenge wotsogolera, mufike pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera isanakwane 12 koloko. Kukagwa mvula kumtunda musalowe m'madzimo.