Dziwe la ku kalabu yakale: tilikonze, kapena ndalamazi zipite ku mijigo?

Mlembi: Moni nonse ana a ku Mulanje, kulikonse komwe muli. Nkhani ija tinaisiyira panjira Loweruka. Maganizo alipo awiri pa ndalama zomwe tasonkha chaka chino: kukonza dziwe losambiramo la ku kalabu yakale n'kudzutsanso gulu la ana osambira, kapena kukumba mijigo iwiri. Eni malo ati tikakonza tokha atilola kuligwiritsa ntchito. Yankhulani, a wapampando akuwerenga.

Aphunzitsi opuma: Ndiyambe ine, poti dziwelo ndidaliona lili ndi madzi. Achinyamatanu mwalipeza lili dzenje la achule ndi ndere. Kalabuyo idali ya azungu a m'minda ya tiyi. Tiyi kwathu kuno adayamba kubzalidwa m'ma 1890, ndipo pomwe azunguwo adakhazikika adamangapo malo awoawo ochezera. Bambo anga ankasesa pamenepo. M'mawa uliwonse ankatenga kaukonde komangirira kunsonga ya nsungwi n'kumavuula masamba a bulugamu pamadzi, koma mpaka kumwalira kwawo sadaviikemo ngakhale phazi. Ife tinkangosuzumira pampanda. Ufulu utabwera mu 1964 chipata sichidatseguke tsiku lomwelo ayi. Adayamba kulowa ndi makalaliki ndi akapitawo, kenako ana awo.

Amene adasintha zinthu ndi kalaliki wina wa ku fakitale. Adapempha kuti Loweruka m'mamawa, mabwana asanabwere, aziphunzitsa ana a m'makomboni. Sankalandira kanthu. Zida zake zidali wezulo ndi zigubu zopanda kanthu zomwe mwana ankakumbatira pophunzira kupalasa miyendo. Amayi ankakhala pakapinga ndi thobwa ndi mbatata yophika, ndipo mwana wa kapitawo ankaima pamzere umodzi ndi mwana wa wothyola tiyi. Ana anga atatu onse adaphunzirira pamenepo. Pampu itafa, bambo aja n'kusamukira kwina, zonse zidathera pomwepo.

Msungichuma: Aphunzitsi, mbiriyo ndailandira ndi manja awiri. Koma ine mudandisungitsa thumba, ndiye mundilole ndiwerenge. Dziwelo ndi mamita 25 m'litali, 10 m'lifupi. Tikati kuya kwake ndi mita ndi theka, pakufunika malita 375,000 kuti lidzaze. Kumata ming'alu ndi simenti n'kwa kamodzi, sindikukuopa. Chondidetsa nkhawa ndi mwezi ndi mwezi: klorini, magetsi a pampu, mlonda. Pampu ikangoima masiku ochepa madzi amabiriwira. Mwezi womwe a kunja simudzatumiza, adzagula klorini ndani?

Achemwali a ku Muloza: Inetu mundikhululukire, sindikumvetsa. Kumudzi kwa mayi anga azimayi amadzuka tambala woyamba kukaima pamjigo umodzi, ukafa amakatunga kumtsinje. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, taiwala kale? Tikauze amayi amenewo kuti tadzaza malita 375,000 oti ana a pa boma azisewereramo? Ine pakamwa pangandiume.

Achimwene a ku Joni: Achemwali, mawu oti kusewera andilasa. Mng'ono wanga anamira mu Ruo ali ndi zaka 9. Anapita ndi anzake kukawedza, anaterereka pamwala, pamalo poti munthu wamkulu akanaima madzi n'kumulekeza m'chifuwa. Anzake anayi anaima pamtunda kumangokuwa, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa choti achite. Tinamupeza mawa lake atakodwa m'bango, kabudula wasukulu ali m'thupi. Ana athu akulowa kale m'madzi tsiku ndi tsiku, tifune tisafune. Pitani ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula nthawi ya tchuthi mukaone momwe amadumphira kuchokera pamiyala, madzi ozizira ngati amenewo, ena osadziwa n'komwe kuyandama.

Achemwali a ku Muloza: Pepani achimwene, sindimadziwa. Mzimu wake uuse mumtendere. Koma funso langa la madzi akumwa likadalipo.

Anamwino: Nonse awiri mukunena zoona, ndipo zonsezi ndimazilandira kuntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo 25 Julaye inaikidwa kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Koma tisadzinamize. Wina ananena pamsonkhano kuti kusambira kukanapulumutsa anthu pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ayi. Napolo akatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, monga anachitira ku Phalombe mu 1991, ngakhale katswiri sangalimbane naye. Kusambira kumapulumutsa pa ngozi ngati ya mng'ono wa achimwenewa: kuterereka powoloka, bwato kugubuduka. Chinanso, amene mukuti ana angophunzirira kumtsinje, kumbukirani likodzo. Madzi odekha okhala ndi nkhono ndiye kwawo kwa matendawa.

Mwana wa aphunzitsi (Leeds): Moni makolo. Ine ndine mmodzi wa ana a zigubu aja. Kuno ku England lamulo la maphunziro limati mwana pomaliza pulayimale azitha kusambira mamita 25. Mwana wanga ali mu kalabu ya dera lathu lino, yomwe inayamba agogo a anzake asanabadwe. Dziwe si lawo, amachita lendi kwa maola. Chomwe chaisunga zaka zonsezi ndi makolo: wina amagwira wotchi, wina amalemba mayina pakhomo, wina amatolera zopereka, onse mwaulere. N'chimodzimodzi ndi kwathu. Dziwe linalipo kalekale, koma ife tinaphunzira chifukwa cha munthu mmodzi wa wezulo. Ndiye ndisanavomere simenti ndikufunsa: ndani ali ku Mulanje amene adzadzuka Loweruka lililonse?

Msungichuma: Limenelo ndiye funso. Ndalama ya mphunzitsi ndingaipeze mosavuta kusiyana ndi ya pampu.

Mwana wa aphunzitsi (Leeds): Ku Bangladesh, komwe ana ambiri amamira, amaphunzitsira m'madziwe a kumudzi otchinga ndi nsungwi, kuikamo kansanja kuti mwana asapitirire pakuya. Ku Zanzibar amaphunzitsira m'nyanja momwemo. Zomwe amafuna n'zochepa: mwana ayandame, afike kumtunda, adziwe kuponyera mnzake chingwe kapena chigubu m'malo momulumphira. Olimpiki ibwere pambuyo, ngakhale Malawi idatumizako kale osambira, monga Joyce Tafatatha ku London mu 2012.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, nsungwi tili nazo, koma anamwino anena za likodzo. Dziwe lija lili ndi mbali yosaya yomwe kalaliki uja ankayambira ndi tiana. Madzi a m'mipope yochokera m'phiri amadutsa pafupi. Sitingafunse amisiri ngati n'zotheka kudula dziwelo ndi khoma, tikonze mbali yosayayo yokha? Ine miyendo yatha, koma kulemba mayina pachipata ndingathe. Ndikufuna ndidzaone adzukulu a osesa akulowa pachipata chimenecho ndisanatsikire kuli chete.

Achemwali a ku Muloza: Ngati mjigo umodzi ukumbidwe chaka chino, ndipo ana a kumidzi nawonso azitengedwa, osati a pa boma okha, ine ndivomera. Atsikana asaiwalike. Ambiri sangavule pagulu, pafunika kachipinda kosinthira ndi mphunzitsi wamkazi.

Achimwene a ku Joni: Klorini wa chaka choyamba ndi wanga. Lembani, a msungichuma.

Wapampando: Zikomo nonse, ndawerenga uthenga uliwonse. Sitivota lero. A msungichuma ndi aphunzitsi, Loweruka mupite ndi mmisiri mukaone ming'alu ndi nkhani ya khomayo, mutitumizire zithunzi ndi mtengo wake. Achemwali, mukambirane ndi amfumu za malo a mjigo. A mlembi, lembani mayina a achinyamata okhala kumudzi odziwa kusambira amene angalole kukaphunzitsidwa, anyamata ndi atsikana. Akapanda kukwana anayi, simenti sitigula.

Anamwino: Mundilembe ine poyamba. Kusambira ndimangoyesa, koma chithandizo choyamba kwa munthu womira ndiphunzitsa ndine.