Kodi kuzemba motorway ndi nzeru kapena ndikudzimanga ndekha?

Wofunsa (dzina labisidwa):
Admin chonde ponyani osaonetsa dzina langa, muno muli azilamu anga ndi anthu a kutchalitchi, ndisasanduke nkhani ya Sande.

Abale anga amene mukuyendetsa galimoto kuno ku UK ndithandizeni maganizo. Laisensi ya kuno ndili nayo, ndimayendetsa tsiku ndi tsiku poti ntchito yanga ndi ya kheya yoyenda khomo ndi khomo, mtauni mulibe vuto, ma roundabout akuluakulu aja ndimazungulira bwinobwino, kupaka pothina ndimapaka, usiku ndimayenda, mvula ndimayenda. Koma motorway, misewu ikuluikulu yothamangitsa ija, ayi. Ndikangoona chikwangwani cha buluu chija manja amachita thukuta, mwendo kumanjenjemera pa accelerator. Pa Google Maps ndinatchera kuti izizemba ma motorway ndipo sindinachotsepo.

Timakhala mbali ya Leeds. Kupita ku Manchester kwa achemwali anga ine ndimadzera A62, Huddersfield, Marsden, kukwera mapiri aja mpaka kutsikira ku Oldham, pomwe bambo a kunyumba pa motorway ya M62 amakhala afika kalekale. Iwowo akuti ndikungotha petulo, akuti laisensi yanga ndi ya theka. Amanena moseka koma zimalasa. Ine ndimangoti bola ndimafika.

Chandilembetsa ndi ichi, ejensi inandipatsa mashifiti a ndalama zabwinoko ku care home ina kuseri kwa mapiriko, yoyamba 7 m'mawa, ndinakana ponamizira za ana kusukulu koma zoona zake ndi M62. Komanso mwana wathu woyamba akupita ku yunivesite ku Nottingham, nde kuti M1, ndikudzifunsa kuti akadzadwala usiku bambo ake ali ku ntchito ndidzatani. Kodi alipo ena ngati ine? Ndizingopitiriza chonchi poti palibe amene ndikumulakwira, kapena ndikudzimana zinthu? Osanyoza chonde.

Mayi wa ku Coventry:
Asisi simuli nokha, ine ndakalambira kuno motorway sindiiponda ndipo sindipepesa kwa munthu. Palibe lamulo loti ukakhala ndi laisensi uzikwera motorway. Ulendo wautali ndimakwera sitima kapena basi ya National Express, ndimagona m'njira ndikufika ndili bhobho. Munthu wamantha ukamukankhira pa sipidi ya mamailosi 70 pa ola ndi amene amapalamulira anzake ngozi, bola wodziwa malire ake.

Achimwene ena:
Perekani makiyi kwa bambo basi kkkk

Mayi wa ku Coventry:
Achimwene munthu wanena kale kuti osanyoza, ngati mulibe chonena dutsani.

Dalaivala wa lole:
Mlongo wanga, ine motorway ndi ofesi yanga nde mundilole ndilankhule. Sindikunyozani, koma njira imene mukuthawirakoyo ndi imene ili yoopsa kuposa yomwe mukuithawa. Kuno imfa zapamsewu zoposa theka zimachitikira m'misewu ya kumidzi ija, ya makhotamakhota, pomwe pa motorway ndi zochepa kwambiri ngakhale pamadutsa magalimoto ankhaninkhani. Taganizani, pa msewu wa kumudzi malire ndi 60, wobwera kutsogolo nayenso ali pa 60, chokulekanitsani ndi kamzere ka penti basi. Thirakitala ikutulukira pa geti, wanjinga ali pakona, nkhosa zadumpha mpanda. Pa motorway nonse mukulowera kumodzi, pakati pali chotchinga, woyenda pansi, wanjinga ndi thirakitala saloledwa, kulibe maloboti, kulibe wotulukira m'kanjira modzidzimutsa.

Ndipo ndikufunseni, A64 yopita ku York munayendamo? Ngati munayendamo ndiye kuti sipidi ya motorway mumaidziwa kale, dual carriageway (msewu wolekanitsidwa pakati ngati umenewo) malire ake pa galimoto yaing'ono ndi 70 yomweyo.

Za ife a malole musationere kukula. Injini zathu zinamangidwa pa 56, sitingapitirire, komanso pa motorway ya maleni atatu leni ya kumanja kwenikweni sitiloledwa. Chimene timapempha n'choti musamakhalitse pambali pathu pomwe magalasi athu saona, mukafuna kudutsa dutsani mupite, ndipo mukabwerera kumanzere musatidule pamphuno poti lole yodzaza siima msanga.

Wina:
Asisi chikukuopsani chenicheni ndi chani? Sipidi, malole, kusintha leni kapena kulowa? Poti mankhwala ake ndi osiyana.

Wofunsa:
Zikomo pofunsa. Ndikaganiza bwino ndi polowa paja, pa slip road. Ndimaona ngati ndifika kumapeto kwake palibe wondipatsa mpata, kumbuyo wina akundiimbira hutala, kumanja malole ali mdipiti. China ndi kusowa poima, mtauni mutu ukazungulira ndimangokhotera pambali kupuma kaye, uko nde ungaime pati. A64 ndimayendamo inde achimwene, sindimadziwa kuti ndikhala ndikunyozedwa ndi msewu womwe ndimauyenda kale kkk

Dalaivala wa lole:
Pa slip road cholakwika cha ambiri ndi kuchepetsa sipidi chifukwa cha mantha. Kamsewu kaja anakatalikitsa dala kuti mukokere galimoto ifanane ndi za mu leni ya kumanzere, ndipo zambiri mmenemo ndi ife a 56 tomwe, si 70 ayi. Indiketa msanga, galasi, kucheuka paphewa, sankhani mpata umodzi n'kuutsata. Zili ngati kulowa mu chingwe cha ana chija akamapukusa, umayamba wawerenga kayendedwe kake uli panja kenako n'kulowa ndi liwiro lomwelo, ukafika chozengereza chimakukwapula. Oyenera kudutsa ndi amene ali kale pa motorway, koma ambiri akaona indiketa amasunthira leni yapakati kapena kubweza pang'ono. Amene amativuta ndi wolowa pa 35.

Mayi wa ana atatu, Sheffield:
Ine ndikugwirizana ndi achimwene a lolewo pa nkhani ya njira zozembera. Kuno kopita ku Manchester motorway yolunjika kulibe, timadzera Snake Pass kapena Woodhead, nyengo yozizira chipale chikagwa amatseka, ndipo ngakhale atsegule umayenda ukupemphera. Nde inu muli ndi M62 pakhomo n'kumasankha dala kukwera mapiri mumdima wa December kuti mukafike 7? Bola munakana shifitiyo kusiyana n'kuivomera n'kumadzera ku Marsden. Koma ndisanamize, M62 nayo si pophunzirira. Pamwamba paja cha ku junction 22 ndi pamalo okwera kwambiri pa ma motorway onse a ku England, mamita 372, mphepo imakankha galimoto ndipo chifunga chimatsika mosachenjeza, pomwe pali famu ija ili pakati pa misewu iwiri. Musayambire pamenepo.

Wina amene mkazi wake anali chonchi:
Vuto si inu nokha, ndi mmene timaphunzirira. Mayeso a kuno salowa mu motorway, ndipo mpaka June 2018 wophunzira samaloledwa n'komwe kupondamo. Pano amaloledwa ku England, Scotland ndi Wales koma pokhapokha ali ndi instructor wovomerezeka mu galimoto ya mabuleki mbali zonse ziwiri, ndipo si onse amene amakutengerako. Nde anthu ambiri amalandira laisensi asanalowepo, kenako tsiku loyamba ali okha ndi ana kumbuyo, mantha asabwere bwanji.

Madam akunyumba anabwerera kwa instructor atakhoza kale, anangomuuza kuti ndikufuna motorway basi. Kuli Pass Plus, maphunziro oonjezera a amene akhoza kale, maola osachepera 6, mulibe mayeso, motorway ili momwemo pamodzi ndi kuyenda usiku ndi zina, makampani ena a inshuwalansi amatsitsako mtengo koma osati onse nde funsani kaye. Kapena mungolipira maola ochepa a motorway yokha. Anawatengera Sande m'mawa msewu uli mbee, kulowa junction imodzi kutuluka yotsatira, kuzungulira roundabout kulowanso, mpaka kulowako kunatopetsa m'malo moopsa. Kwanuko A1(M) cha ku Wetherby ndi yotakasuka, M621 isiyeni kaye, ma junction ake ndi othithikana.

Mayi wa ku Coventry:
Koma osaphunzira ndi bambo a kunyumba ndapota nanu. Munthu amene akuti laisensi ya theka akakhala pambali nde mukafika ku Wetherby banja litatha.

Wina amene mkazi wake anali chonchi:
Kkkk apa nde zoona amayi, ine anandiletsa kukwera nawo mpaka atazolowera, akuti ndimapuma mokweza.

Bambo wa ku Luton:
Tisamangomulimbikitsa munthu ngati mantha ake alibe maziko. Zosowa poimazo akunena zoona. M1 imene akufuna kudzera popita ku Nottingham mbali zina ndi smart motorway, hard shoulder, mpata wa m'mbali woimapo galimoto ikavuta, anaisandutsa leni, galimoto ikazima uli mumsewu weniweni. Anthu anadandaula mpaka mu April 2023 boma linalengeza kuti silimanganso zatsopano, koma zomwe zilipo zilipobe. Ine ndimayendamo koma sindiikonda. Zofunika kudziwa, pali timalo topakidwa orenji pambali tokhala ndi foni ya SOS, galimoto ikayamba kudwala kokerani kumanzere mufike pamenepo kapena mutuluke pa junction, ma hazard oyaka, tulukirani khomo la kumanzere mukaime kuseri kwa chotchinga. Ikazimira pakati moti simungatuluke bwino, lamba asachoke, hazard, imbani 999. Ndipo X wofiira pamwamba pa leni ndiye kuti chokanimo, mwina kutsogolo kuli munthu wazimikiridwa, kamera ikakujambulani ndi chindapusa cha £100 ndi mapointi 3 pa laisensi.

Wina:
Onjezerani kuti kukakamira leni yapakati kumanzere kuli mbee nakonso ndi £100 ndi mapointi 3. Amantha ambiri amathawira pakati poopa olowa, apolisi samva zimenezo.

Nesi wa usiku:
Achemwali, funso lanu lenileni anthu akulizungulira. Kuzemba motorway pakokha si matenda. Amayi a ku Coventry aja asankha, ali ndi sitima yawo, palibe chimene akutaya, mtima uli m'malo. Inu mwakana ndalama zomwe mumazifuna, ndipo pokana mwachita kupeka chifukwa china, komanso mukusowa tulo ndi ulendo wa ku Nottingham womwe sunachitike n'komwe. Apo mantha ayamba kukusankhirani zochita. Ndipo amakula, ukazemba mtima umapepuka, ubongo n'kuphunzira kuti wapulumuka chifukwa chozemba, ulendo wina umafuna uzembenso, ena amayamba ndi motorway kenako dual carriageway kenako milatho, bwalo likungochepa.

Ngati ndi kusazolowera chabe instructor akwanira. Koma ngati zimafika pobanika, chizungulire, kuona ngati mukomoka, kaya munaonapo ngozi ikubwerabe m'maso, ku England mutha kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies osadzera kwa GP (dokotala wanu), amathandiza ndi CBT, uphungu wosintha kaganizidwe ndi kachitidwe, ndipo ndi ulere, kungoti pamakhala kudikira. Chonde osabwereka mapiritsi otsitsa mtima kwa mnzanu, ena amagonetsa ndipo kuyendetsa utaledzera nawo ndi mlandu.

Mayi wa ku Coventry:
Anesi mwalankhula bwino koma ine ndionjeze, mwana akadwala usiku pali taxi, pali 111 nambala ya foni ya NHS, pali anzake. Tisamupatse munthu chikumbumtima ngati ndi mayi woipa chifukwa cha msewu.

Nesi wa usiku:
Eya amayi, sindikuti ndi woipa. Ndikuti iye mwini ndi amene walemba kuti zikumudya.

Mnyamata wa ma delivery:
Aunt mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwachita bwino kufunsa. Kanga n'kochepa, mukaphonya potulukira osadzidzimuka, osaponda buleki, osabwerera m'mbuyo zivute zitani, pitani junction yotsatira mukatembenuke. Musanafike potulukira pamakhala zikwangwani za mizere itatu, iwiri, umodzi, ndi mayadi 300, 200, 100, pa itatu paja indiketa iyake muli kale kumanzere. Mukatuluka yang'anani sipidi pa dashboard poti 50 imaoneka ngati mukukwawa. Komanso palibe wokukakamizani 70, khalani kumanzere pa 60 kumbuyo kwa lole mutasiya mpata wa masekondi awiri, kukagwa mvula anayi, mufika. Poima palipo, ma services, malo opumirako a m'mbali mwa motorway, mutha kukonzeratu kuti ndikapumira apa.

Wofunsa:
Abale zikomo nonse, ndawerenga mpaka foni kutentha. Anesi mwandigwira pomwepo, sindikomoka ayi koma zoti ndinanama pokana shifiti zikundinyansa. Amayi a ku Coventry musandikwiyire, ndiyesa kaye, zikakanika ndibwera tizikwera limodzi sitima. Ndalembera ma instructor a kuno kufunsa za Sande m'mawa, bambo a kunyumba sindiwauza mpaka nditayamba. Funso lomaliza, ndiphunzirire galimoto ya instructor kapena yanga? Yanga ndi kakang'ono, injini 1.0, pokwera phiri kamalira, ndikuopa kuti pa slip road sikakoka.

Dalaivala wa lole:
Yambani ndi yake ya mabuleki awiri kuti mtima ukhale pansi, kenako mumupemphe akwere yanu, ambiri amalola bola inshuwalansi ili bwino. Ka 1.0 kamakwana, timakaona tsiku lililonse. Ngati ndi manual musathamangire giya 5 muli pa slip road, kokerani pa 3 kenako 4, kalire kaye palibe chimene chiwonongeke, 5 mudzaika mutalowa. Ndipo muone mpweya wa matayala ndi petulo musananyamuke.

Mayi wa ana atatu, Sheffield:
Mukamupeza wabwino wosakalipa munditumizire ku inbox, mlamu wanga ku Wakefield naye ndi yemweyo.