Skokloster: n'chifukwa chiyani holo yaikulu anaisiya isanathe?

Wophunzira ku Uppsala:
Akuluakulu, ndamva kuti m'mphepete mwa nyanja ya Mälaren kuno ku Sweden, pakati pa mizinda ya Uppsala ndi Stockholm, muli kamudzi kotchedwa Skokloster komwe kuli nyumba yachifumu yoyera, ndipo akuti mkati mwake muli holo yomwe amisiri anaithawa ntchito ili pakati. Kodi chinachitika n'chiyani? Ndikufunanso kudziwa ngati n'kwanzeru kupitako mu Januwale muno.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, ndikonzeko kaye mawu amodzi: chinyumbacho sichinali cha mfumu ayi. Mwini wake anali Carl Gustaf Wrangel, mkulu wa asilikali a Sweden amene analemera pa nkhondo ya zaka 30 yomwe inasakaza dziko la Germany n'kutha mu 1648. Iye anabadwira pa Skokloster pomwepo mu 1613, ndipo mu 1654 anayamba kumanga chinyumba cha nsanja zinayi m'ngodya, pofuna kuti aliyense wodutsa panyanjapo aone kuti mwana wa pamudzipo wakhala munthu wamkulu. Atamwalira mu 1676 ali kutali pa chilumba cha Rügen, ntchito inaima. Anthu amasimba kuti amisiri atangomva za malirowo anatula zida pansi poopa kugwira ntchito yopanda woilipira. Chumacho chinapita ku banja la Brahe kudzera mwa mwana wake wamkazi, koma palibe anafuna kutaya ndalama pa holo ya madyerero a munthu amene anali atagona kale. Boma linagula chinyumbachi mu 1967, ndipo tsopano ndi malo osungirako zinthu zakale.

Mayi wa ku Bålsta:
Zimene anena a mphunzitsiwa n'zoona, koma holoyo ndi yofunika kuiona ndi maso. Makoma ake ndi njerwa zosapaka pulasitala, ndipo ukakweza maso umangoona mitanda ya denga chifukwa siling'i sanaike. Pansi pali matebulo a akalipentala ndi zida zawo, ngati kuti eni ake angopita kukadya nsima, pepani, kukadya buledi wawo, ndipo abweranso masana. Kwa ine chipinda chimenechi chimaposa zipinda zonse zokongoletsedwa zija, ngakhale chithunzi chotchuka chija chojambulidwa ndi Arcimboldo, katswiri wa ku Italy, chomwe nkhope ya mfumu Rudolf II anaijambula ngati yopangidwa ndi maapulo, mphesa, ngala za tirigu ndi maluwa.

Za Januwale zokhazo ndikuletseni, achimwene. Zipinda zakalezo sazitenthetsa, moti kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa, ndipo alendo amawalandira makamaka nyengo yotentha. Dikirani Juni, mukwere sitima mpaka pa Bålsta kenako basi. Musaiwale kulowa m'tchalitchi cha njerwa chili pafupi, chomwe chinamangidwa m'zaka za m'ma 1200 pa nthawi imene pamalopo pankakhala masisitere.

Wophunzira ku Uppsala:
Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Ndidikira Juni, komabe juzi ndinyamula.