Sienta ikulira kuti tsiii ku Salima, mwini wake ali ku Joni

Wa ku Senga Bay (Cape Town): Akuluakulu, mwaswera bwanji? Sienta yanga ija imene mng'ono wanga amanyamulira anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay yayamba kulira kuti tsiii kuboneti. Makaniko wina wamuuza kuti pakufunika lediyeta yatsopano, ndiye akuti nditumize ndalama. Nditumize?

Malume a ku Dwangwa (Durban, pagalaja): Usatumize kaye, mphwanga. Umufunse: ikulira nthawi yanji? Injini ikungolira galimoto itaima, akaponda buleki, kapena akangozimitsa? Matenda atatu osiyana amenewo, mitengo yakenso n'kutalikutali.

Mayi a ku Khombedza (Pretoria): Mwina likulira ndi thumba la mng'ono wanuyo 😂

Wa ku Senga Bay: Mayi, musandiyambe. Ndamufunsa. Akuti imalira injini ikangoyaka, ngakhale m'mawa isanatenthe. Akaima pa siteji galimoto imanjenjemera, nthawi zina n'kuzima. Kanyali kachikasu ka check engine kayakanso. Madzi sakuchepa.

Malume a ku Dwangwa: Ndiye lediyeta ilibe mlandu. Ikamadontha imalira injini itatentha, makamaka ukangozimitsa. Umaona nthunzi, pansi pamadontha madzi apinki kapena obiriwira, ndipo pamamveka kafungo konga ka shuga. Zimene ukunenazi ndi injini yomwe ikuyamwa mpweya poboola. Timapaipi ta labala topita ku manifold, chipaipi cholowetsa mpweya mu injini, timauma ndi kutentha, n'kung'aluka, ndiye kwa Salima kuja mu Okutobala ukukudziwa wekha. Mpweya ukalowera pong'alukapo sudutsa pa sensa youyeza, kompyuta imapereka petulo wochepa, n'chifukwa chake ikunjenjemera. Akaika makina owerengera matenda a galimoto, kawirikawiri imatuluka nambala ya P0171, yosonyeza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo.

Achite izi m'mawa. Adule paipi yothirira madzi yotalika ngati mkono, mbali ina kukhutu, ina aziyendetsa pang'onopang'ono pa timapaipito injini ikulira. Pong'aluka padzadziulula pokha. Koma malaya apisire m'thalauza, manja kutali ndi lamba komanso fani. Fani ya Sienta ndi yamagetsi, imangoyamba yokha osachenjeza.

Achimwene a ku Chipoka (Johannesburg): Ife kuno timangopopera carb cleaner, mankhwala aja otsukira kabureta. Ukafika poboola injini imakwera mawu, basi wapeza.

Malume a ku Dwangwa: Imagwira, achimwene, sindikukana. Koma chinthucho chimayaka moto, ndipo mnyamata wake sanagwirepo sipanala. Akapopera pa ekizozi yotentha tidzasonkha za Sienta yopsa. Madzi a sopo m'kabotolo kopopera akwana, injini imasintha kalilidwe madziwo akatseka pobowoka. Asathire pa mawaya ndi ma coil.

Achemwali a ku Nkhotakota boma (Polokwane): Malume, za buleki mwangodutsapo. Bakkie yomwe ndimagawira katundu inkalira pansi pa chiwongolero ndikaponda, pedulo n'kulimba gwa. Inali brake booster, chimbale chakuda chili kuseri kwa kabotolo ka mafuta a mabuleki. Kuyesa n'kosavuta: injini ili chizimire, ponda pedulo kangapo mpaka ilimbe, usachotse phazi, yatsa. Pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikapanda kutsika, galimoto imeneyo isanyamule munthu. Msewu wa Senga Bay uja wadzaza akabaza ndi mbuzi.

Achimwene a ku Chipoka: Ndipo ngati ali ndi chidwi choti aone madzi, asatsegule chitsekero cha lediyeta injini ili yotentha. Chimagwira mphamvu ya 1.1 bar, madzi ake amakhala atapyola madigiri 100. Adikire izizire. Komanso asamathire a pamjigo kapena a kunyanja, amachititsa dzimbiri mkati. Agule coolant.

Mayi a ku Khombedza: Yanga imati tsiii pang'ono ndikazimitsa AC. Nanenso ndithamangire kugalaja?

Malume a ku Dwangwa: Ngati ikusiya pakapita masekondi angapo ndipo ikuziziritsabe, ndi gasi akungokhazikika, mayi. Khalani pansi.

Wa ku Senga Bay: Malume, wapeza! Pedulo ikutsika bwinobwino. Kapaipi kochokera pamwamba pa injini, pa PCV (kavalavu kotulutsa utsi wa m'kati mwa injini), kupita ku manifold kang'aluka kumapeto. Wanditumizira chithunzi. Akuti amange ndi lekeni.

Malume a ku Dwangwa: Lekeni ayi, pamatentha ndipo pamadutsa oyilo, sichedwa kusungunuka. Ngati kapaipiko kali ndi utali wotsala, adule kong'alukako, abwezere, amange ndi kilampu. Imeneyo ndi ya masiku ochepa. Atenge kakaleko akapeze kofanana, pa Kamuzu Road kakasowa atumize wa minibasi ya ku Lilongwe. Aonenso tinzake, timakalamba limodzi. Kanyali kakapanda kuzima patatha maulendo angapo, akafufutitse ndi makina n'kuona ngati kabwerera.

Wa ku Senga Bay: Zikomo nonse. Ndatumiza ya kapaipi ndi kilampu yokha.

Mayi a ku Khombedza: Muonjezere ya chambo, mwana wagwira ntchito.